Nyimbo ndi munda wako, usagulitse ndi nthaka yomwe

Mnyamata wina wa ku Kapata ku Chipata wafunsa kuti: "Agogo, ndajambula nyimbo zitatu. Mwini situdiyo sanandilipiritse, anati tidzakambirana zikamveka. Tsopano wina akundiitana kukaimba ku Katete, koma akuti ndalama palibe, ndikangodziwika. Ndichite bwanji?"

Mdzukulu wanga, za ku Katete ziyambe zadikira. Chandidetsa nkhawa ndi mawu akuti "tidzakambirana", chifukwa ndiwo amadanitsa anthu odyera mbale imodzi. Bwerera ku situdiyo sabata ino, nyimbo zisanamveke, mudakali kusekererana.

Nyimbo imodzi imakhala ndi chuma chiwiri. China ndi nyimbo yeniyeniyo, mawu ndi maimbidwe ake. China ndi chojambulidwacho, chimene anzako amati master. Munthu akhoza kukhala mwini wa chimodzi, chinacho nkukhala cha wina, ndipo amene anakujambula ulere kawirikawiri mumtima mwake amayesa kuti master ndi yake. Choncho khalani pansi mulembe pepala limodzi pa nyimbo iliyonse: dzina la nyimbo, tsiku, mayina anu monga alili pa chitupa cha NRC, amene analemba mawu, amene anapanga biti (kulira kwa zida kumene umaimbirapo), ndi gawo la aliyense mpaka magawo akwane 100. Ambiri amagawana pakati, 50 wolemba, 50 wa biti, koma chachikulu nchakuti mwagwirizana ndipo mwasaina pamaso pa mboni. Lembaninso mwini wa master. Aliyense atenge pepala lake, lako ulijambule pa foni.

Wopanga biti umufunse mosapita m'mbali ngati biti wakubwereka kapena wakugulitsa. Biti yobwereka akhoza kuipatsanso anthu ena asanu, ndipo amene adzayambe kuiika pa intaneti adzachititsa kuti nyimbo yako ioneke ngati yakuba. Potuluka mu situdiyo utenge WAV (fayilo yosachepetsedwa ubwino) ya nyimbo yonse, ina yopanda mawu ako yoimbira pa siteji, ndi zidutswa zake, ng'oma pazokha, gitala payekha, mawu paokha. Usunge malo awiri. Kompyuta ya situdiyo ikapsa ndi magetsi obwera mwadzidzidzi, ukatsala ndi MP3 ya pa WhatsApp yokha, nyimboyo sungaikonzenso.

Lamulo la dziko lino la Zambia la 1994 loteteza ntchito zaluso limati nyimbo ndi ya wolemba moyo wake wonse, ndi zaka zina 50 atamwalira. Ndiye kuti ndi munda wodzasiyira ana. Wina akati "tenga ndalama izi, nyimbo ikhale yanga", dziwa kuti akugula nthaka, osati chimanga cha chaka chino chokha. Kalembetse ku ZAMCOPS, bungwe lotolera ndalama kwa ogwiritsa ntchito nyimbo monga mawailesi ndi malo achisangalalo, ndipo nyimbo iliyonse yatsopano uziilembetsa payokha. Popereka nyimbo ku Breeze FM kapena wailesi ina, fayilo ikhale ndi dzina lako ndi dzina la nyimbo, isamapite ili "track 1".

Ku Spotify ndi Boomplay, malo omverera nyimbo pa intaneti, nyimbo imafika kudzera kwa ofalitsa, monga DistroKid. Akaunti itsegulidwe ndi imelo yako ndi nambala yako. Ikakhala ya mnzako, tsiku lokangana adzapita ndi nyimbo zonse. Ofalitsawo amapatsa nyimbo nambala ya zilembo 12 yotchedwa ISRC, uilembe m'kope. Koma usadalire kumeneko msanga: kuyambira 2024, Spotify salipira nyimbo imene sinamvedwe ka 1,000 m'miyezi 12. Ogulitsa omvera abodza uwakane, chifukwa akadziwika nyimbo imachotsedwa.

Ndalama yogwirika kwathu kuno ili pa siteji. Tsono za ku Katete. Funsa funso limodzi: pakhomo anthu adzalipira? Ngati adzalipira, ndalama ilipo, iwe wekha ndiye sanakuwerengere. Kuimba ulere kumatheka, pa maliro, ku mpingo, kapena pamene ukudziwa chimene utengepo, koma thiransipoti yopita ndi yobwera, chakudya ndi pogona zikhale za wokuitanayo, dzina lako likhale pa positala. Ntchito yolipidwa ndondomeko yake ndi iyi: theka litumizidwe pa Airtel Money kapena MTN tsiku lisanafike, theka linalo ulandire usanagwire maikolofoni. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ukatsika pa siteji mwini ntchito amasowa, kapena amayamba kudandaula kuti anthu anachepa. Mugwirizane pa meseji za tsiku, malo, mphindi zoimba, ndi amene abweretse masipika ndi jenereta. Ukalandira, yamba walipira oimba ng'oma ndi ovina usiku womwewo.

Uziyang'ananso nyengo. Anthu a kuno amakhala ndi ndalama akagulitsa soya, mtedza, thonje ndi chimanga, ndipo maukwati amachuluka m'chilimwe. Nyimbo yatsopano ituluke nthawi yokolola, ndipo pa ntchito iliyonse ya chilimwe upatuleko yodzajambulira m'dzinja, pamene oitana amachepa.

Pali china chimene achinyamata mukulakwitsa. Kuika ng'oma zathu m'nyimbo nkwabwino, ndipo ndi zimene zingakusiyanitse ndi oimba a ku Lusaka. Koma si nyimbo iliyonse ya makolo imene ili ya pa msika. Za ku dambwe ndi za m'tsimba zili ndi eni ake. Zimene Gule amavina poyera pabwalo ndi zina, zobisika ndi zinanso, ndipo zobisikazo sizipita pa YouTube. Ukafuna kujambula kanema pa Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti, kapena pa Nc'wala ku Mtenguleni mu Febuluwale, yamba wapempha kwa oyendetsa mwambo. Kumudzi upite kwa anyakwawa, ugwade, ufotokoze nyimboyo ndi kumene idzaonetsedwe. Ukatenga nyimbo kwa amayi a pamtondo, uwauze, uwapatse kangachepe, ndipo dzina la mudzi wawo ulilembe pansi pa kanemayo.