Kwa Bambo a Tadala: mwanayo musamugwetse ulesi

Bambo a Tadala, mwafunsa ngati n'chanzeru kuti mwana wanu wa Fomu 3 azilakalaka udotolo wa plastic surgery, poti inu mukuiona ngati ntchito yokuza matako a anthu otchuka akunja, ndiye munthu wa ku Mulanje angadyerepo chiyani. Ine ndinali namwino m'chipinda cha opaleshoni, choncho mundilole nditalikitseko.

Zokongoletsa thupizo zilikodi, ku Johannesburg ndi ku Turkey anthu amatayirako ndalama zankhaninkhani. Koma odwala a dotolo ameneyu kuno kwathu ndi ena. Chiperoni chikagwa mu June ndi July, tonse timaunjirira mbaula. Mwana wokwawa agubuduza mphika wa phala, wa khunyu agwera pamoto. Chilonda chamoto chikalowa mkati sichimeranso khungu labwino, chimapola ndi chipsera cholimba chomwe chimakoka. Zala zimamatirira kuchikhatho, chigongono osawongoka, ena chibwano chimagwirana ndi chifuwa. Mwana wotere pensulo imamukanika, akakula kuthyola tiyi kapena kugwira khasu ndiye iwalani.

Dotoloyu amadula chipseracho n'kuwongola chiwalocho. Potsala poyera amapaphimba ndi khungu lopyapyala losenda pantchafu ya wodwala yemweyo, chifukwa la munthu wina, ngakhale la mayi ake omubereka, thupi limalikana. Khungulo amaliboola timabowo kuti litambasuke komanso kuti madzi a pachilonda azituluka. Bandeji imakhala osamasula masiku ngati 5, kudikira kuti timitsempha ta magazi tilowe m'khungu latsopanolo, ndipo pantchafu paja pamapola pokha pamasabata awiri kapena atatu. Zikatero pamatsala miyezi ya mafizo. Apa ndiye pamaonongekera zambiri: thiransipoti yochokera ku Muloza kapena ku Limbuli kukafika ku Blantyre ikavuta, makolo amaleka kupita naye, dzanja n'kupindikanso.

Ngozi za njinga zamoto za kabaza nazo zikumupatsa ntchito. Fupa la mwendo likakhala pamtunda, khungu lopyapyala lija siligwira, ndiye amatembenuza mnofu wa katumba pamodzi ndi mitsempha yake n'kuvindikira fupalo. Mwendo womwe ukanadulidwa umapulumuka choncho. Palinso ana obadwa ndi mlomo wong'ambika, omwe ena kumudzi amati n'zaufiti pomwe ndi mmene mwana anaumbikira m'mimba basi. Mlomo amausoka mwana ali ndi miyezi 3 mpaka 6, kumwamba kwa m'kamwa cha pachaka chimodzi, asanazolowere kuyankhulira m'mphuno. A bungwe la Operation Smile akhala akuchita maopaleshoni amenewa m'dziko muno. Ngakhale Harold Gillies, yemwe amatchedwa tate wa ntchitoyi, anayambira pokonza nkhope za asilikali ovulala pankhondo yoyamba yapadziko lonse.

Njira yake ndi yaitali, zimenezi Tadala azidziwiretu. Pa MSCE akhoze bwino kwambiri Bayoloje, Kemisitiri, Fizikisi, Masamu ndi Chingerezi, chifukwa malo ku Kamuzu University of Health Sciences, yomwe inapangidwa pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, amalimbirana koopsa. Kumeneko ndi chaka chimodzi chokonzekera, kenaka zaka 5 za udotolo. Akamaliza amagwira miyezi 18 moyang'aniridwa pachipatala chachikulu pofuna kuti a Medical Council of Malawi amuvomereze kuima payekha. Ukatswiri wa opaleshoni umabwera pambuyo pake, ndipo kudzera ku COSECSA, koleji ya madotolo a opaleshoni a kum'mawa, pakati ndi kummwera kwa Africa, ndi zaka zinanso 5. Mukawonkhetsa zikuposa 12, ndiye za lobola kapena zidzukulu muyambe mwaziika pambali.

Kusowa ntchito musakuope. Madotolo amenewa ndi owerengeka kwambiri m'Malawi muno, n'chifukwa chake wopsa kwambiri akafika pachipatala cha boma ku Mulanje kapena ku Thyolo amamutumiza ku Gulupu, komwe kuli wodi ya anthu opsa. Ana ena amathandizidwa kuzipatala za ana za ku Blantyre, ku Beit CURE kapena ku Mercy James Centre yomwe inatsegulidwa mu 2017. Chuma chokha sindingakulonjezeni, malipiro a m'boma mukuwadziwa, ndipo ena akaphunzira amakopeka n'kupita kunja.

Chomwe ine ndingafune kudziwa ndi mtima wa mwanayo. Wodi ya opsa ili ndi fungo lake, ana amalira potsukidwa zilonda, ndipo opaleshoni imodzi itha kumuimika maola 6 akusoka ndi ulusi wowonda kuposa tsitsi. Patchuthi chikubwerachi mupite naye ku Mulanje Mission kapena ku Malamulo, mukapemphe kuti acheze ndi dotolo wa opaleshoni, akafunse mafunso ake yekha inu muli panja.