Funsani Tikuyankheni: Kodi Nyumba Yakale ya Njerwa Tiipake Simenti?

FUNSO: Akonzi, ndine mayi wa ku Zomba. Bambo athu atamwalira anatisiyira nyumba ya njerwa zootcha yomwe ili mkatikati mwa tauni, ndipo akuluakulu amati inamangidwa m'nthawi ya atsamunda, Zomba akadali likulu la dziko. Khoma lakumbuyo layamba kunyenyeka m'munsi, penti akusupuka, ndipo m'chipinda china mumamveka fungo la chinyontho ngakhale m'chilimwe. Mmisiri wina watiuza kuti tiipake pulasitala wa simenti yonse, tigwetse khonde n'kumangapo mashopu awiri. Mlongo wanga akukana, akuti nyumba zakale zimatetezedwa ndi lamulo monga Mandala House ya ku Blantyre. Kodi timvere ndani?

YANKHO: Zikomo mayi chifukwa cha kalata yanu. Alongo anu alondola pang'ono, mmisiriyo walakwitsa kwambiri, ndipo popeza mwatchula Mandala House, tiyambire pomwepo, chifukwa nyumba imeneyo ili ndi yankho la funso lanu.

Mandala House inamangidwa mu 1882 kuti mukhale mabwana a kampani ya African Lakes, yomwe inayambira ku Glasgow m'dziko la Scotland mu 1878 ndipo kuno inkayendetsedwa ndi anthu awiri apachibale, John ndi Frederick Moir. Dzina lakuti Mandala linachokera kwa makolo athu, omwe ankamutchula choncho John Moir chifukwa cha magalasi a m'maso omwe ankavala, ndipo dzinalo linafalikira ku nyumbayo, ku masitolo a kampaniyo, mpaka ku dera lonse lomwe lero timangoti ku Mandala. Ndi nyumba yosanja, ya njerwa ndi dothi, ndipo yapyola zaka 140 ikadali chiimire, pamene nyumba zina zomangidwa dzanadzanali ndi simenti yambirimbiri zang'ambika kale.

Mukadzapitako, musathamangire kulowa mkati. Muime panja muyang'ane khonde lake lalikulu ndi denga lotambalala lomwe limaponya madzi a mvula kutali ndi khoma. Amene anaimanga ankadziwa kuti mvula ya ku mapiri kuno imabwera ndi mphepo n'kumamenya chipupa cham'mbali, choncho khonde sanaliike kuti likhale lomwerapo tiyi chabe ayi, koma kuti likhale chipewa cha njerwa. Limatchinga dzuwa kuti m'nyumba muzizizira, limatchinganso mvula kuti khoma lisanyowe. Ndiye ngati mungagwetse khonde la nyumba yanu n'kumangapo mashopu, mudzakhala mwaivula chipewa, ndipo lendi ya mashopuwo idzathera kukonzera khoma lomwe lidzayambe kumwa madzi chaka ndi chaka.

Tsopano nkhani ya simenti, yomwe ndi yovuta kuimvetsa chifukwa tonse tinakula tikumva kuti simenti ndiyo imalimbitsa nyumba. Njerwa zakale zinkaumbidwa pamanja m'zikombole n'kuotchedwa mu uvuni wa nkhuni, motero n'zofewa ndipo zili ndi timibowo tosaoneka ndi maso. Pomanga, amisiri ankazilumikiza ndi dothi kapena laimu wosakaniza ndi mchenga, zomwenso n'zofewa. Khoma lotere limamwa madzi pang'ono m'dzinja n'kuwatulutsa dzuwa likawala, monga momwe mtsuko wadothi umachitira thukuta. Nyumba zambiri zakale zilibenso chotchinga chinyontho pamwamba pa maziko, chomwe amisiri a lero amayala asanayambe kukweza khoma, choncho madzi a m'nthaka amakwera m'njerwa ndithu. Bola ngati ali ndi potulukira, palibe vuto lalikulu.

Mukapaka simenti, mwatseka potulukira paja. Madzi amakwerabe kuchokera pansi, koma pokanika kutulukira kunja amakwera kwambiri kuposa kale n'kutulukira mkati mwa nyumba, ndipo pouma amasiya mchere woyera womwe umafufuta njerwa. Poyamba nyumba imaoneka yokongola ngati yatsopano. Pakapita zaka zingapo mukagogoda pulasitala uja mumamva kulira kwa mphako, kenako amagwa zibenthuzibenthu atanyamula nkhope ya njerwa, ndipo chotsala kumbuyo chimakhala ufa wofiira. Simenti ndi youmanso gwa, sigonja nyumba ikasuntha pang'ono, pamene laimu amalola khoma kupuma ndi kusuntha popanda ming'alu ikuluikulu. Penti wa mafuta amachitanso chimodzimodzi, n'chifukwa chake makolo ankapaka njereza chaka chilichonse.

Chimene ndikukulangizani n'chakuti muyambe mwapeza komwe madziwo akuchokera, ndipo nthawi yabwino yofufuzira ndi pamene mvula ikugwa. Tengani ambulera muzungulire nyumba. Kawirikawiri mudzapeza kuti lata lina labooka, kapena ngalande yatsekeka, kapena dothi lakhala likuunjikana kumbuyo kwa zaka zambiri mpaka lafika pamwamba kuposa pansi pa m'nyumba. Maluwa obzala mogundana ndi khoma, omwe amathiriridwa m'mawa uliwonse, nawonso amanyowetsa ndi kuwononga khoma. Mukakonza zimenezi, lisiyeni khomalo liume chilimwe chathunthu, kenako njerwa zonyenyeka zichotsedwe imodziimodzi n'kulowetsapo zina zofanana nazo msinkhu ndi kufewa, makamaka zakale zochokera pa nyumba ina yogumulidwa, ndipo azilumikize ndi laimu ndi mchenga. Muuzenso kalipentala akwere kudenga akaone ngati chiswe sichinalowe m'mitanda, popeza chiswe chimakonda pomwe pali chinyontho.

Pa nkhani ya lamulo, si nyumba yakale iliyonse yomwe ili m'gulu la Mandala House. Dziko lino lili ndi lamulo lotchedwa Monuments and Relics Act, lomwe linakhazikitsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo limapatsa nduna mphamvu zolengeza kuti malo kapena nyumba yakutiyakuti ndi chikumbutso chotetezedwa. Nyumba ikalengezedwa choncho, ngakhale mwini wake sangaigwetse kapena kuisintha popanda chilolezo cha boma. Amene amayang'anira ntchitoyi ndi nthambi ya boma yoona zosunga zinthu zakale ndi zikumbutso, yomwe kale inkadziwika kuti Department of Antiquities. Alembereni kalata, muikemo zithunzi za nyumbayo ndi mbiri yomwe mukuidziwa, muwafunse ngati ili m'kaundula wawo. Ngakhale itapezeka kuti mulibe, kumanga mashopu m'tauni kumafuna kuti pulani ivomerezedwe ndi khonsolo ya mzinda, ndiye mmisiri amene akuti mungoyamba Lolemba akufuna kukuikani m'mavuto.

Ngati chomwe chikukuvutani ndi ndalama zosamalira nyumbayo, tengeraninso nzeru ku Mandala komweko. Nyumbayo siinakhale yotsekedwa: m'chipinda cham'mwamba muli laibulale ya bungwe la Society of Malawi, lomwe linayamba mu 1946, ndipo pamalopo pakhala pakugulitsidwa zojambulajambula ndi zakudya. Pomwe pali anthu tsiku ndi tsiku, denga likadontha wina amaona msanga. Nanunso mutha kubwereketsa zipinda ziwiri ngati maofesi popanda kugwetsa njerwa ngakhale imodzi.

FUNSO: Ndine mnyamata wa ku Limbe. N'chifukwa chiyani tiyenera kutaya ndalama posunga nyumba za atsamunda, anthu omwe analanda malo a makolo athu?

YANKHO: Funso lanu n'lomveka, achimwene, ndipo sindikufuna kulipeputsa, chifukwa m'nyumba zambiri zoterezi munthu wakuda ankalowera khomo lakumbuyo. Koma dzifunseni kuti anakumba dothi ndani, anaponda matope ndani, anasonkhezera moto mu uvuni usiku wonse ndani. Tengani tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre Mission, chomwe chinamangidwa kuyambira mu 1888 mpaka mu 1891. M'busa David Clement Scott, yemwe ankatsogolera ntchitoyo, sanaphunzirepo zolemba mapulani a nyumba, ndipo amene anaumba njerwa ndi kuzisanja anali anthu akuno omwe anali asanamangepo chinthu chachikulu chotero. Njerwazo zinaumbidwa pamalo pomwepo ndi dothi la komweko, m'zikombole za maonekedwe okwana 81, kuti zina zikhote, zina zisongoke, zina zipange mizere yokongoletsa yomwe mumaiona m'makoma ndi m'nsanja. Mabuku anasunga dzina la Scott, koma mayina a amisiri ambiri aja sanalembedwe, ndipo umboni wa luso lawo ndi makoma omwewo. Mukadzadutsa pa HHI, pomwe pali tchalitchichi, mupatuke mukaone njerwazo pafupi, muwerenge nokha kuti mupeza mitundu ingati pakhomo lalikulu lokha.