Si inu nokha achemwali, kungoti ambiri timakhala chete

Achemwali amene mwafunsa mobisa dzina kuti kuyabwa kumusi ndi chikazi chachilendo zikumangobwerabwera, kodi ndi inu nokha kapena abambo akunyumba ayamba kuyenda njira, ndikuyankheni motalikirapo chifukwa makomenti enawa akungokuopsezani.

Si inu nokha ayi. Mwa azimayi 4 aliwonse, 3 amadwalapo candida, matenda oyabwa kumusi, pa moyo wawo, ndipo pafupifupi theka la amenewa imawabwereranso. Nde tangowerengani azimayi tili mugulu muno. Ine ndemwe inandigwira nditangomaliza ma antibiotic a pakhosi, usiku wonse osagona, kukanda mpaka kutupa, kumaopa olo kukodza chifukwa cha kuwotcha, ndikumangodzifunsa kuti kaya ndalakwa chani.

Vuto lathu timangoti mauka mauka pomwe ndi matenda osiyana. Candida ndi fangasi, imayabwa koopsa, chikazi chake choyera chokhuthala chamibulumibulu koma fungo sichikhala nalo kwenikweni, imakonda oyembekezera, odwala shuga ndi amene angomwa ma antibiotic ngati ine uja.

Ina ndi BV (bacterial vaginosis), yobwera tizilombo ta kumusi tikasokonekera, ndipo iyi nde yofala zedi. A WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati azimayi 23 mpaka 29 pa 100 aliwonse a msinkhu wobereka ali nayo, ambiri sadziwanso chifukwa samva kalikonse. Ikaonekera, chikazi chimakhala chamadzimadzi chotuwa, fungo ngati la nsomba makamaka mukangotha kugonana kapena kusamba kwa pamwezi. Kumusi kuja kuli tizilombo tabwino, ma lactobacilli, timene timasunga asidi woti toipa tisaswane, tabwinoto tikachepa toipa timatenga malo. Apa mpomwe ambiri timadziphera tokha, wamva kafungo, watenga sopo wonunkhira kutawasa mpaka mkati ndi chala kawiri katatu pa tsiku, osadziwa kuti ukuthamangitsa alonda ako omwe, fungo likuonjezekera iwe ukuonjezeranso sopo. Mkati mumadzitsuka mokha, kunja ndi madzi basi. Nde amene akuti ndi uve aja asakupusitseni, nthawi zina ndi ukhondo wopitirira muyeso.

Za abambowo tsono. Candida ndi BV sizitanthauza kuti munthu wayenda njira, candida imagwira olo amene sanagonanepo ndi aliyense. Yopatsirana pogonana kwenikweni ndi trichomoniasis, chikazi chachikasu kapena chobiriwirako, nthawi zina chathovu. Nayonso si yachilendo, mu 2020 a WHO anawerengera kuti anthu pafupifupi 156 miliyoni a zaka 15 mpaka 49 anaitenga. Amuna ambiri saonetsa chizindikiro, ndipo imatha kukhala m'thupi miyezi kaya zaka mwakachetechete, nde simungadziwe kuti inabwera liti. Musayambe ndi ndewu. Koma akakupezani nayo mumwe mankhwala nonse awiri ndipo mudikire kaye mumalize, apo ayi muzingopatsirana.

Chimene ndikukayikira ine n'choti mukuchiza matenda olakwika. Kirimu kapena mapiritsi oika kumusi a clotrimazole ndi a candida, pa BV sagwira ntchito. Metronidazole, amene timangoti Flagyl uja, ndi wa BV ndi trichomoniasis, candida saigwira, mwinanso amachita kuidzutsa. Komanso BV ndi yamakani, opitirira theka imawabwerera chaka chisanathe olo atamwa mankhwala bwinobwino.

Pitani akakuyezeni, amangotenga kachikazi pang'ono ndi kathonje, sizichedwa. Tsiku limenelo musatawase mkati, ndipo muwauze anesi zonse mwamwa kapena kuika kale, osachita manyazi. Ngati muli oyembekezera musazengereze komanso musagule mankhwala panokha, BV imatha kupangitsa mwana kubadwa masiku asanakwane. Mukamva kupweteka m'chinena, thupi kutentha kapena kutuluka magazi pomwe si nthawi yosamba, imeneyo si yodikira mawa.