Function ikadziitana yokha mu kernel, malire aikidwe pati?

Funso: Achimwene, ndine wophunzira wa kuno ku Kasungu, ndikuphunzira kulemba kernel module (code yoonjezera mu kernel, mtima wa operating system) pa Linux. Function yanga imadziitana yokha potsata mafoda, ndipo mafoda akalowana kwambiri kompyuta imangouma. Code yomweyo mu pulogalamu wamba imayenda bwinobwino. Kodi ndingoika malire a 100?

Yankho: Mphwanga, 100 yo musaike musanayeze. Pulogalamu wamba pa Linux nthawi zambiri imapatsidwa stack (memory imene function iliyonse imadyako ikaitanidwa) ya 8 MB, pomwe mu kernel ya x86_64 (ma processor a 64-bit a Intel ndi AMD) muli ndi 16 KB basi, ndipo isanafike Linux 3.15 ya 2014 inali 8 KB. Mwasenzetsa njinga ya kabaza katundu wa lole.

Tiwerengere limodzi. Ngati function yanu imadya ma byte 200 ikaitanidwa kamodzi, kulowa ka 100 ndi ma byte 20,000, pomwe stack yonse ndi 16,384. Komanso malowo simuwapeza opanda kanthu. System call (pempho la pulogalamu kwa kernel) imene yakufikitsani pamenepo yadyako kale, ndipo kmalloc (yopempha memory) kapena printk (yolemba mauthenga) imene muiitane muli pansi penipeni ikufunanso pake. Yendetsani make checkstack kapena gcc -fstack-usage muone kukula kwenikweni, ndipo ma array aakulu achoke pa stack.

Chowerengera kuya chiziyenda ngati argument ya function, chisakhale global variable, chifukwa ma thread (ntchito zoyenda mbali ndi mbali) awiri akalowa nthawi imodzi asokonezana. Chiyang'aneni musanadziitanenso. Malire akakwana bwezani -ELOOP (nambala ya error yosonyeza kuti kulowana kwachuluka), ndipo potuluka masulani lock (chotsekera kuti ena asalowe nthawi imodzi) ndi memory zonse zimene munagwira. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa: kompyuta siigwa, koma lock yatsala yotseka.

Onani mmene eni kernel amaumira pa manambala. Ma filesystem osanjikizana ngati overlayfs amaloledwa kuya kwa 2 kokha. Ma symlink (mafayilo oloza ku mafayilo ena) nawo, mu Linux 4.2 ya 2015 anasiyiratu kuwatsata ndi recursion (kudziitana kwa function), malire ake ndi 40. Ine ndingatsate njira imeneyi, makamaka popeza kuya kwa mafoda akusankha ndi wogwiritsa ntchito, osati inu. Lembani loop, mafoda otsala muziwasunga pa list ya memory yochokera ku kmalloc.

CONFIG_VMAP_STACK, option yosankha pomanga kernel yomwe inabwera mu Linux 4.9, muiyatse. Imapangitsa kuti stack ikasefukira kernel igwe poonekera m'malo moononga memory ya ena mwakachetechete, koma kusefukirako siiletsa. Zoyesa zonsezi chitirani mu QEMU (pulogalamu yoyendetsa kompyuta yongoyerekeza), osati pa laputopu imene muli ntchito zanu za kusukulu.