Mukufuna kusiya dzina pa ntchito ya ABA? Yambani mwamva za nyumba ya ku Kansas

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu konkuno amene akugwira ntchito ku America. Ali ndi satifiketi ya BCBA, ya katswiri wovomerezeka wa ABA, ndipo amathandiza ana a autism (vuto la kakulidwe ka ubongo lokhudza kulankhula ndi kucheza ndi ena) pogwiritsa ntchito ABA, njira ija yofufuza chimene chimayambitsa khalidwe ndi chimene chimalilimbikitsa, n'kuphunzitsa mwana luso latsopano pang'onopang'ono. Funso lawo linali lakuti: "Ndikufuna ndikadzapuma ndidzasiye dzina. Ndichite PhD, nditsegule kiliniki yanga, kapena ndilembe buku?"

Achemwali, ndisanakuyankheni ndikusimbireni za Montrose Wolf, mmodzi mwa akatswiri atatu a ku America, pamodzi ndi Donald Baer ndi Todd Risley, amene mu 1968 anayala maziko asanu ndi awiri a ntchito yanuyi. Mu 1967 iye ndi anzake anatsegula nyumba yotchedwa Achievement Place mumzinda wa Lawrence ku Kansas, yolereramo anyamata olakwira malamulo. Banja la Lonnie ndi Elaine Phillips ndilo linkakhala nawo ngati makolo. Mnyamata akachita bwino ankapata mapointi, akalakwa ankaluza. Zinthu zinayenda, magirafu anali okongola.

Atati akakhazikitse nyumba yachiwiri kwina, zinakanika. Banja latsopanolo za mapointi linkazidziwa bwinobwino, koma anyamata sanalikonde. Ofufuzawo anabwerera kukaonetsetsa a Phillips ali pantchito, n'kupeza kuti chimene chinkagwira anawo mtima sanachilembe paliponse: kudzudzula mofatsa, kuyamba ndi kuyamikira, kufotokozera mwana chifukwa chake, kumupatsa mpata woyeserera. Anaziphwanya izi m'masitepe oti munthu wina n'kuphunzira, anayambanso kumafunsa anawo ndi makolo ngati akukhutira. Mu 1975 Boys Town, malo olererako ana ovutika a ku Nebraska, inatenga njirayi, ndipo mu 1978 Wolf analemba nkhani yake yotchuka yonena kuti eni ake olandira chithandizo ndiwo ayenera kunena ngati chili chaphindu.

Ndiye funso langa kwa inu ndi ili: chimene mumachita mwana akayamba kudzimenyetsa mutu kukhoma, ma RBT anu, othandizira amene mumawayang'anira, angachichite inu mulibe? Ngati yankho ndi ayi, luso lanu likadali m'thumba mwanu, ndipo mudzapita nalo. Aliyense wofuna BCBA amafunika maola 1,500 kapena 2,000 oyang'aniridwa. Masupavaiza ena amangosaina mafomu, tisanamizane. Inu khalani pansi ndi wophunzirayo, muchite iye akuona, achite inu mukuona, mumukonze pomwepo, abwerezenso. M'mera mpoyamba.

Chimodzimodzi ndi mwana. Trevor Stokes ndi Baer mu 1977 anadzudzula chizolowezi chophunzitsa mwana m'chipinda kenako n'kumangoyembekezera kuti kunyumba zikachitika zokha. Mwana wopempha madzi ndi chithunzi pamaso panu pokha, kwa amayi ake n'kumakuwa, sanaphunzire kupempha madzi. Waphunzira inu.

Palinso dzina lina loti muliganizire. Ivar Lovaas wa ku yunivesite ya UCLA ku California anatchuka kwambiri mu 1987 atalengeza kuti mwa ana 19 amene ankaphunzitsidwa maola 40 pa sabata, 9 anafika pophunzira m'makalasi wamba popanda thandizo lapadera. Koma njira zake zinkaphatikizapo kukalipira ndi kumenya ana, ndipo lero akuluakulu ambiri a autism amaitchula ABA ndi mkwiyo, amati inkawakakamiza kuoneka ngati ena, mwachitsanzo powaletsa kukupiza manja pomwe sikupweteka aliyense. Dzina analisiyadi. Ana amene muli nawowa nawonso adzakula, ndipo adzakamba za inu.

Za PhD sindichulutsa. Ngati muli ndi funso limene likukusowetsani tulo, pitani mukaichite. Ngati mukungofuna "Dokotala" patsogolo pa dzina, ndalamazo n'zambiri. Kiliniki nayo imasandutsa katswiri kukhala wolimbana ndi makampani a inshuwalansi, ana osawaonanso.

Kumapeto kwa imelo munati tsiku lina mudzabwerera kumudzi. Dziwiranitu kuti kuyambira mu 2023 bungwe la BACB, limene limapereka satifiketi ya BCBA, linasiya kulandira ofuna satifiketi okhala m'mayiko ambiri, kuphatikizapo Malawi, choncho amene mudzawaphunzitse kuno pepala ngati lanulo sadzalipeza. Amene mudzawapeze ndi makolo, agogo olera zidzukulu, ndi aphunzitsi a ana olumala onga amene amatuluka ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu. Ngati buku lija mukulifunadi, lembani la iwowa, m'Chichewa, masamba ochepa, ndipo musanalisindikize mupatse mayi mmodzi akaliyese pa mwana wake inu muli kutali.