Mbande zafa ndiye mubzale bulugamu? Taimani kaye, mayi

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Domasi, mlembi wa komiti yoona zachilengedwe m'mudzi mwawo. Akuti dzinja lathali anabzala mbande za mitengo yachilengedwe zambirimbiri m'mbali mwa kamtsinje kotsika kuphiri, koma zotsala lero n'zowerengeka ndi zala. Anzawo mu komiti akuti basi, angobzala bulugamu poti iye safa wamba. Funso lawo n'lakuti: "Kodi mitengo yathuyi imathekadi kubzala, kapena tikungodzivuta?"

Mayi, funso lanuli landikhudza, chifukwa maganizo a anzanuwo ndi amene atifikitsa pamene tilipa. Yang'anani phiri la Zomba ndi la Malosa kuchokera pamsewu wa ku Liwonde mwezi wa Okutobala. Masana utsi, usiku mizere ya moto, m'munsimu miyala ili mbee. Ndiye yankho lathu chaka ndi chaka n'kuitana mlendo wolemekezeka, kumupatsa khasu latsopano ndi keni, kujambula zithunzi, n'kulengeza kuchuluka kwa mbande zobzalidwa. Mbande zimene zapulumuka pofika Novembala palibe amabwera kudzaziwerenga. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, koma zimenezo sizikutanthauza kuti tsiku lililonse m'katimo ndi labwino. Kwathu kuno mbande yobzalidwa mu Malichi yachedwa kale. Imalandira mvula ya masabata ochepa, mizu isanazame chilimwe chafika.

Bulugamu si mfiti ayi. Mudzi wopanda bulugamu umakatenga mapolo, nkhuni zootchera njerwa ndi mitengo yofolera kuphiri, choncho kamunda ka bulugamu kamapulumutsa mitengo ina. Vuto ndi malo. Mtengo umenewu unachokera ku Australia, umakula mothamanga, sulakatitsa masamba chilimwe, ndipo ukapeza madzi pafupi umamwa chaka chonse, ngakhale mu Okutobala pamene kamtsinje kanuko kakungodontha. Masamba ake saola msanga, pansi pake sipamera zambiri zogwira dothi. Zoti safa wamba nazonso si zoona: chiswe chimakonda mbande za bulugamu kuposa za mitengo yambiri yathu, chimadya mizu ndi khungwa la m'munsi mbande n'kuuma ili chiimire. Mukafuna bulugamu mubzaleni kumtunda, pamalo ouma osalimidwa. Ine ndimati mamita osachepera 30 kuchokera pamadzi, kupitirira apo n'kwabwinonso. Pagwero pa kasupe ndiye ayi ndithu, ngakhale mbande zake zibwere zaulere pagalimoto.

Pali china chimene timaiwala tikamangoti mtengo ndi mtengo. Kwerani phiri la Zomba mulowe m'munda wa paini. Paini wochuluka pamwambapa kwawo ndi ku Mexico, anabwera chifukwa cha matabwa, ndipo ntchito imeneyo amaigwira. Koma pansi pake pali zii, masamba onga singano aunjikana, mbalame n'zochepa. Mukatsikira m'zigwa za Mulunguzi momwe mwatsala nkhalango yachilengedwe, phokoso lake n'losiyana kutalitali. M'nkhalango za pamwambapa muli kambalame kakang'ono kachikasu kukhosi kotchedwa Yellow-throated Apalis. Padziko lonse lapansi kamapezeka m'mapiri a Mulanje, Zomba ndi Malosa basi. Kakatha pano ndi ku Mulanje, kulibenso kwina kokakatenga. Mnzake White-winged Apalis, amene alendo ena amabwera kudzamuona ku Zomba kuno, amafuna mitengo italiitali ya m'mbali mwa mitsinje, yomweyo imene inu mukuyesa kubwezeretsa. Paini ndi bulugamu sizingawasunge.

Ndiponso tizipatso tachikasu tija anyamata amagulitsa m'mbale pamsewu wokwera ku Ku Chawe, totsekemera bwino, tinachokera ku Asia. Chitsamba chake chaminga chimalanda malo paliponse pamene nkhalango yatseguka, mbande zachilengedwe n'kulephera kutuluka. Chitsamba china chachilendo chotchedwa lantana nachonso chimodzimodzi m'munsi muno. Ngati zilipo pamalo panu, kudula pamwamba n'kutaya nthawi. Zulani ndi chitsa chomwe nthaka ili yofewa.

Kamtsinje kanuko kamathera mu Domasi, Domasi amathera m'nyanja ya Chilwa, monganso Likangala. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo imaphwa: inauma mu 1968, mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka dothi long'aluka. Nyanja ikauma chonchi, matemba, makumba ndi milamba zimapulumukira m'maiwe a m'mitsinje yothira m'nyanjamo, madzi akabwerera n'kuyambanso kuswana kuchokera mmenemo. Maiwe amenewo akakwiririka ndi mchenga wochokera m'magombe ogumuka, kapena wina akathiramo katupe, mankhwala ophera nsomba aja, ndiye kuti tapha mbewu ya nsomba ya pa doko la Kachulu. N'chifukwa chake zimandipweteka kuona munthu akulima mpaka khasu kugunda madzi, kenaka namondwe wa Freddy atadutsa mu 2023 n'kumadabwa kuti dimba lapita bwanji.

Tsopano chimene ndikufuna mukawauze anzanu mu komiti ndi ichi: musanagule chubu ngakhale chimodzi, kayendereni malowo muwerenge zitsa. Ine ndafika poti ntchito yobwezeretsa nkhalango imene imayambira ku nazale osayang'ana zitsa ndimaikayikira. Mitengo ya m'mapiri mwathu monga mombo, tsamba, muwanga, mlombwa, masuku ndi naphini ikadulidwa sifa. Chitsa chimakhala ndi mizu ya zaka makumimakumi yozama kale, yofika pachinyezi. Mbande ya mombo yochokera kunjere imatha zaka ikungomanga mizu, pamwamba ikuoneka ngati yapinimbira, pomwe mphukira ya pachitsa imakula ngati ikuthamangitsidwa. Imalephera kukhala mtengo chifukwa chaka chilichonse imapsa, imadyedwa ndi mbuzi, kapena imasadzidwa ndi wolima.

Kasamalidwe kake n'kosavuta. Pachitsa chilichonse sankhani mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka ndi zamphamvu, zina zonse dulani. Chikwanje chikhale chakuthwa, ndipo muzidula mokweza kuchokera pansi kuti khungwa lisasendeke, poti bala long'ambika ndi khomo la chiswe ndi matenda. Pa mphukira zotsalazo chotsani nthambi za m'munsi mpaka theka la msinkhu wake, osapitirira, chifukwa mukaimeta yonse imaonda n'kuthyoka ndi mphepo. Mangani kansanza kowala pa zimene mwasankha kuti wofuna nkhuni adziwe kuti izi zili ndi eni ake. Bwererani pakatha miyezi itatu kapena inayi kudzachotsa zophukanso. Zodulazo ndi nkhuni, agawane amene agwira ntchitoyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma apa kudekhako si kwa nthawi yaitali: moto ukapanda kudutsa, pakatha zaka zitatu malo amakhala asintha maonekedwe. Pamenepo pachikani ming'oma ya njuchi, ya matabwa osati ya makungwa, chifukwa kusenda khungwa lozungulira kumapha mtengo womwe mukuuteteza. Munthu amene ali ndi uchi m'nkhalango saisiya ipse.

Chimene chinapha mbande zanu

Simunalembe mwezi umene munabzala, koma kawirikawiri imfa ya mbande imayambira ku nazale. Mbande ikakhalitsa m'chubu pamalo amodzi, muzu umaboola pansi n'kulowa m'nthaka. Tsiku lonyamula mumaudula mwadzidzidzi, mbande imafota isanafike kumunda. Machubu azisunthidwa masabata awiri aliwonse, mizu yotulukira pansi izidulidwa ndi mpeni. Kutatsala masabata atatu kapena anayi kuti mubzale, chotsani mthunzi pang'onopang'ono ndipo chepetsani kuthirira kuti mbande zikhwime. Yochoka pamthunzi ndi madzi a tsiku ndi tsiku kupita padzuwa imapserera sabata yomweyo.

Kwinako ndi dzenje. Likhale masentimita 30 mulitali, mulifupi ndi kuya komwe, pouma kapena pamiyala 45. Kumbani mvula isanayambe, dothi lapamwamba mbali ina, lapansi mbali ina. Pokwirira yambani ndi lapamwamba losakaniza ndi manyowa owola bwino. Manyowa osapsa amaotcha mizu ndi kuitana chiswe. Chubu ching'ambidwe n'kuchotsedwa. Izi zimaoneka zodziwika, koma pa tsiku la chigulu, ana asukulu ndi akuluakulu akupikisana kumaliza, mbande zambiri zimalowa m'dzenje ndi pulasitiki yake. Kwirirani kulekeza pomwe dothi la m'chubu linalekeza, tsenderani ndi manja, siyani kabeseni kosunga madzi. Udzu wophimbira usakhudze tsinde.

Zikapulumuka zonsezi zimakumana ndi mbuzi zomasulidwa anthu akakolola, kenaka moto wa osaka mbewa. Lambulani njira yotchinga moto ya mamita 4 kapena 5 kuzungulira malo onse mu Meyi kapena Juni, ndipo palirani mita imodzi kuzungulira mbande iliyonse. Kumene udzu ndi wautali, kutentha msanga mu Juni, m'mawa kapena madzulo kopanda mphepo, udzu usanaumitsitse, kumachepetsa ukali wa moto wa mu Okutobala. Koma zimenezi chitani ndi mlangizi wa zankhalango ndi anthu okwanira onyamula nthambi zaziwisi, ndipo osati pakati pa mbande za chaka chimodzi. Za mbuzi, nkhani yake ndi ya amfumu. Popanda lamulo la m'mudzi ndi chindapusa chodziwika, mpanda wa minga sukwanira.

Nanga mubzale chiyani m'mbali mwa madzimo, pomwe zitsa palibe? Yambani ndi udzu. Pagombe penipeni siyani bango ndi nsenjere, ndipo pamwamba pake dzalani mzere wa vetiva, timapesi titatu pa phando, motalikana masentimita 10 mpaka 15, mopingasa kutsetsereka. Vetiva wotalikana kwambiri sagwira dothi, madzi amangodutsa m'mipata n'kukumba tizigwembe. Kuseri kwa udzuwo ndiye mitengo, motalikana mamita atatu, mosakaniza.

Katope amakonda kuponda m'madzi. Njere zake sizisungika: chotsani mnofu wa chipatso chakupsa, fesani tsiku lomwelo kapena lotsatira, zikauma zafa. Mbawa amafuna nthaka yakuya yachinyezi. Tolani zipatso zake zikangoyamba kusweka, fesani njere zatsopano mosazamitsa, sentimita imodzi kapena awiri, zimamera m'masabata awiri mpaka anayi. Njere za mbawa zogonera chaka n'zimene zimapangitsa anthu kunena kuti mitengo yathu simera. Musamubzale yekhayekha pamtetete, chifukwa pali mbozi imene imaboola nsonga yake n'kumuchititsa mphanda. Pakati pa mitengo ina vutoli limachepa. Mkuyu ndi kachere safuna nazale n'komwe: dulani nthambi yonenepa ngati mkono, yaitali mita imodzi ndi theka, zikani gawo limodzi mwa magawo atatu m'nthaka mvula ili pafupi kuyamba, ndipo musaizike chadodolido. Mkuyu umodzi ukabereka umaitana mbalame, mileme ndi apusi, ndipo zimenezi zimabwera ndi njere za mitengo ina m'mimba, kukubzalirani mwaulere. Mwimbi, msopa ndi mkundi nazonso ndi za m'mitsinje. Masuku ndi a kumtunda, ndipo m'chubu mwake muzisakaniza dothi lotapa pansi pa mtengo wa masuku, chifukwa mizu yake imadalira bowa wa m'nthaka imeneyo. Popanda dothilo mbande imachita chikasu n'kuima. Mkungudza, ngakhale ndi mtengo wa fuko lathu, musautsitsire ku Domasi. Ndi wa pamwamba pozizira.

Mbewu muli nazo pafupi kuposa anthu a maboma ena. Bungwe lofufuza zankhalango la FRIM lili mu Zomba momwemuno ndipo lili ndi nthambi yoona za mbewu za mitengo, komanso a National Herbarium and Botanic Gardens angakuthandizeni kuzindikira mtengo mukawatengera nthambi ya masamba ndi chipatso. Koma nkhokwe yaikulu ndi manda a m'mudzi mwanu, komwe mitengo yakale inatsala. Pemphani kwa amfumu mwaulemu wake. Pansi pa mitengo imeneyo mumamera mbande zokha. Kumbani za masentimita 10 mpaka 15 ndi dothi lake nthaka ili yonyowa, ikani m'machubu, zikhale pamthunzi masabata atatu kapena anayi zisanazolowezedwe dzuwa. Tolani pansi pa mitengo ingapo yotalikirana, osati umodzi, ndipo zina muzisiye pomwepo.

Yankho la funso lanu, mayi, n'lakuti inde, imatheka. Chaka chino musabzale chikwi. Werengani anthu amene adzabweredi kudzapalira mu Febuluwale ndi kudzalambula mu Meyi, aliyense mumupatse mbande 20 kapena 30 zodziwika kuti n'zake, zilembedwe m'kaundula wanu ndi dzina lake. Fesani mu Ogasiti kapena Sepitembala, bzalani kumapeto kwa Disembala kapena kumayambiriro kwa Januwale mvula itakhazikika, tsiku la mitambo kapena madzulo. Sungani mbande zina pa nazale zodzabwezera zofa pakatha masabata atatu. Mukawerengenso mu Novembala mvula isanagwe, ndipo nambala imeneyo ndiyo mukaiwerenge pa msonkhano wa mudzi. Anzanu ofuna bulugamu aja apatseni malo awo kumtunda, akadzale mamita awiri ndi theka motalikana, ayang'anire chiswe miyezi yoyambayo.