Musanagule makina odzazira zipolopolo, tamvani kaye izi achimwene

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena ake akwathu omwe akukhala ku Texas, dzina sinditchula. Akuti ali ndi pisito ya 9mm komanso revolver ya .38 Special, Loweruka lililonse amapita ku range kukaombera mapepala, ndiye mtengo wa zipolopolo wayamba kuwaboola m'thumba. Aona anzawo akutola makesi, tizigoba ta brass totsala chipolopolo chikaombedwa, pansi kukadzaza okha kunyumba ndiye akufunsa kuti ayambire pati, agule makina anji, nanga sizoopsa kodi?

Achimwene, zoopsa ndi zoopsa ndithu, koma choopsa chenicheni chimabwera pomwe maganizo achoka pa tebulo, ndifikapo. Tiyambe ndi za mapepala chifukwa ife obwerafe nkhani yathu ndi ina. Ku America kuno kudzaza zipolopolo zoti uombere wekha sikufuna laisensi ya boma la federal, kugulitsa ndiye kumafuna. Koma ngati muli pa viza ya sukulu kapena ya ntchito, lamulo limakuletsani kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo pokhapokha mutalowa m'magulu ochepa omwe anawapatula, monga kukhala ndi laisensi yosakira nyama. Ndipo mawu oti ammunition m'lamulomo akuphatikiza makesi, ma primer (kakapu kakumunsi kwa kesi koyatsa onga), mitu ya zipolopolo (kamene kamatuluka mu mpope mukaomba) ndi onga womwe. Inu munati muli ndi green card ndiye bola, koma owerenga ena samalani, munthu osamaononga tsogolo chifukwa cha kabokosi ka ma primer. A ku Joni, Firearms Control Act ya 2000 imalola mwini laisensi kudzazira mfuti yake yokhayo ndipo pali malire a ma primer 2,400 pa mfuti iliyonse. Kumudzi ndiye musayerekeze, kupezeka ndi zipolopolo opanda chilolezo ndi mlandu basi.

Pa zogula, makina asakhale oyamba. Gulani buku la reloading, kutanthauza kudzaza zipolopolo, la Lyman, Hornady kapena Speer, muwerenge machaputala akutsogolo onse aja anthu amawadumpha pothamangira matebulo a manambala. Ineyo manambala a onga sindikupatsani pano, ndipo aliyense wokupatsani manambala pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp muzimuthawa olo akhale mlamu wanu. Nambala imachokera m'buku kapena kwa kampani yopanga ongawo ngati Hodgdon kapena Alliant, ya onga womwewo, kulemera kwa mutu komweko, ndipo mumayambira pa starting load, mlingo wochepa woyambira, osati pa maximum.

Ndikunena izi chifukwa ambirife m'mutu tili ndi chithunzi cha gogodela. Agogo ankathira onga mongoyeza ndi maso, kutsendera ndi kamtengo, n'kukapha gwape bwinobwino. Uja unali onga wakuda. Wa masiku ano wopanda utsi uja ndi nyama ina, amayeza mu ma grain ndipo galamu imodzi muli ma grain pafupifupi 15 ndi theka, chipolopolo cha pisito chimangofuna ma grain owerengeka, kaufa koti olo supuni ya tiyi sikangabise pansi pake. Kaufa kameneko mu 9mm kamaloledwa kufika pressure (mphamvu yokankha m'kati mwa mfuti) ya 35,000 psi malinga ndi malire a SAAMI, bungwe loika miyezo ya mfuti ndi zipolopolo ku America, ndipo zonsezo zikuchitikira m'manja mwanu, pafupi ndi nkhope.

Revolver yanuyo ndi imene ikundidetsa nkhawa kwambiri, ngakhale ndi yomwenso ili yabwino kuphunzirira. .38 Special inatuluka mu 1898, nthawi ya onga wakuda, ndiye kesi yake ndi yaitali, mphika waukulu. Onga wamakono wofulumira kupsa umangokhala pansi penipeni, moti mutathira kawiri mwangozi sutaikira, mutu umakhala bwinobwino, chipolopolo chikuoneka chokongola ngati chinzake. Malire ake ndi 17,000 psi okha. Kuthira kawiri kumang'amba silinda yokhalamo zipolopolo, chitsulo cha pamwamba pake kudukiratu, zala ndi maso zili pomwepo. N'chifukwa chake oyamba kumene ndimawauza kuti asankhe m'bukumo onga wodzaza kesi kwambiri, woti ukathira kawiri uonekere kapena utaike.

Makina ndiye gulani single stage, kaya Lee kaya RCBS Rock Chucker, yochita ntchito imodzi pa nthawi. Ma progressive a Dillon aja ndi abwino zedi koma mukakoka chogwirira kamodzi pakuchitika zinthu zinayi kapena zisanu nthawi imodzi, maso a munthu woyamba sangazilondole. Onjezani ma die a carbide (tizitsulo tomangirira pa makina toumba kesi ndi kukhazika mutu), sikelo yabwino ndi timiyala toyesera sikeloyo, caliper yoyezera utali, thireyi yoimikamo makesi 50, kanyundo kochotsera mutu mukalakwitsa, tochi, ndi magalasi oteteza maso.

Nayi yanga tsono. Chaka changa choyamba ndili mu galaja ndikuthira onga, makesi ali ndondondo mu thireyi, foni inalira, WhatsApp kuchokera kumudzi, nkhani ya fizi ya mwana wa achemwali. Mukudziwa mafoni akumudzi, netiweki kudukaduka, halo halo, mukundimva, mphindi khumi zatha. Nditabwerera ndinangopitiriza pomwe ndimaganiza kuti ndinasiyira, tochi osawalitsa. Loweruka ku range, phuu, phuu, kenako kamodzi kanangoti pwe, ngati wina watsegula botolo la Fanta, mfuti osakankha dzanja. Chala changa chinali chayamba kale kukokanso, mdala wina wa mzere woyandikana nane anakuwa kuti ndisiye. Titatsegula, mutu unali utatsakamira pakati pa mpope. Kesi ija inalibe onga, primer yokha ndi imene inakankha mutuwo pang'ono n'kuusiya m'njira. Amati squib. Ndikanaombanso, chachiwiricho chikanakagunda chinzake m'katimo. Mdala uja anautulutsa ndi kandodo ka brass, sanandikalipire, anangondifunsa kuti kodi umayang'ana makesi ako, manyazi ake ndinalakalaka pansi patang'ambika.

Kuyambira tsiku limenelo foni imatsala ku kitchini. Ndikathira makesi 50 ndimaimirira, tochi m'manja, kusuzumira imodziimodzi mzere ndi mzere, onga akhale pa mlingo wofanana monsemo, kenako ndiye mitu. Wina akandiitana pakati, zomwe zili mu thireyi ndimakhuthula n'kuyambiranso. Pa tebulo pamakhala chitini chimodzi chokha cha onga, ndikamaliza wotsala amabwerera m'chitini chake chomwecho, chifukwa ufa umenewu umafanana ndipo mayina amasokoneza, mwachitsanzo onga wa H4350 ndi wa IMR 4350 ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mowa ayi, fodya ayi, mpira pa TV ayi, ndipo mukachokera ku double shift pitani mukagone.

Ku 9mm vuto ndi lina. Kesi ndi yaifupi, malo ndi ochepa, mutu ukalowa mopitirira pang'ono pokha pressure imakwera koopsa. Ndiye utali wa chipolopolo muziyeza ndi caliper ufanane ndi wa m'buku, ndipo mutenge chimodzi mukanikize mutu wake pa tebulo ndi chala, ukamira ndiye kuti kesi siyikugwira, osaombera zimenezo. Makesi otola pansi muziwayang'ana, yong'aluka kukamwa kapena yotupa kumunsi tayani, zachitsulo ndi za aluminiyamu tayani. Musuzumire m'kati, kabowo kamodzi pakati ndiye zathu, tiwiri ndi mtundu wina wotchedwa Berdan, imeneyo ithyola pini ya die yanu yochotsera primer yakale.

Ma primer valani magalasi nthawi zonse, asiyeni m'mapaketi awo momwe anabwerera, osawakhuthulira m'botolo limodzi chifukwa imodzi ikaphulika imatenga anzake onse. Ikakana kulowa musakakamize. Ikalowa ikhale yofanana ndi thako la kesi kapena kumira pang'ono, mukapititsa chala isakukoleni.

China chomwe anthu sachilabadira ndi mtovu. Uli m'mitu, ulinso m'ma primer ambiri, ndipo fumbi lotuluka potsuka makesi ladzaza nawo. Munati muli ndi ana awiri aang'ono, ndiye zimenezi zisalowe m'nyumba, potsuka pakhale kunja kapena mu galaja, ndipo musambe m'manja ndi sopo musanakhudze nsima. Onga ndi ma primer zikhale pokiya, pouma, kutali ndi moto.

Zoti mupulumutsa ndalama, mmm. Pa .38 Special inde zimaoneka, pa 9mm phindu ndi lochepa chifukwa za m'sitolo n'zotchipa kale, ndipo mu 2020 ndi 2021 ma primer anasowa moti tonse tinangokhala kuyang'ana makina. Dziwaninso kuti makampani ambiri a mfuti amalemba m'kabuku kawo kuti ukaombera zodzaza wekha waranti yatha.

Anzanu aja otola makesi, sankhanipo mmodzi wofatsa, osati wodzitama kuti zake ndi zamoto, mumupemphe mukakhale pambali pake madzulo awiri atatu musanagule kanthu. Mukadzaza zanu zoyamba pangani khumi zokha, lembani pa bokosi tsiku, onga, mlingo ndi mutu, mukaombe pang'onopang'ono kumvetsera kulira kwa chilichonse. Mundilembere mundiuze buku lomwe mwagula.